Kulondera Kuwala ku Mwadzama

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza m'minibasi. Nditamaliza maphunziro a zosamalira zipangizo za m'labotale, ndinakhala nthawi yaitali kwa achimwene anga ku Kawale, ndikuwathandiza alamu anga kulera ana ndi kugulitsa mafilizesi pageti la sukulu. Zipani zambiri zinali zitangoyamba kumene. Aliyense ankakamba za ufulu, koma kulikonse kumene ndinkapita ndi mapepala anga ankandiuza kuti akuchepetsa anthu, sakulemba. Tsiku lina, ndikuchokera m'tauni, ndinakhala moyandikana ndi bambo wina amene anandiphunzitsapo za magetsi. Anayamba kundizindikira ndi iwo. Atamva kuti ndikungokhala, anandiuza za mnzawo, a Dokotala Kaphuka, amene anali atangobwera kuchokera kunja kumene anathawira m'nthawi ya chipani chimodzi. Ankafuna munthu wa manja osanjenjemera, wosaopa kukhala kumudzi.

A Dokotala ndinawapeza m'galaja ya mchemwali wawo ku Chilinde, atakhala pakati pa makatoni. Mapepala anga sanawayang'ane n'komwe. Anandipatsa kachingwe kowonda ngati tsitsi, nati ndi ulusi wa galasi, umene anzawo amautcha faiba. Anandionetsa kasendedwe ka chikopa chake cha pulasitiki ndi kapulayala kake, kapukutidwe ndi thonje lonyowetsa m'sipiriti, kenako kadulidwe. Umakanda pang'ono ndi kampeni ka nsonga ya dayamondi, n'kukoka mopinda pang'ono, galasi n'kuduka lokha. Ukatero umaika nsongayo pa maikulosikopu. Ikaoneka yosalala ngati madzi a m'kapu, wadula bwino. Ndinathyola wambiri masana amenewo. Wina utatuluka bwino, a Dokotala anasuzumira pa maikulosikopu paja.

"Mungathe kukhala nokha kwa miyezi, Esinati?" anandifunsa.

Ndinati ndingathe. Sindinkadziwa chimene ndinkavomera.

Tinanyamuka pa pikapu yahayala, kudzera ku Salima. Malo ake anali nyumba yakale yosungiramo mpunga ku Mwadzama, kumtunda pang'ono kwa nyanja ya Chia, yomangidwa pathanthwe. Thanthwelo ndi limene a Dokotala ankafuna. Dera lonse la m'mbali mwa nyanja limagwedezeka kawirikawiri, nthawi zambiri pang'ono kwambiri moti anthu samva. Iwo ankafuna kuonetsa kuti ulusi wa galasi ungamve zivomezi zoterozo popanda makina odula a kunja. Akanatha kuonetsa zimenezi, amene anawabwereka zipangizo akanalola kuti ntchito ipitirire, ndipo ana asukulu athu akanabwera kudzaphunzira pomwepo. Akanalephera, makatoni akanabwerera kumene anachokera.

Zipangizo zake sizinali zambiri. Panali nyali ya leyiza, chubu chachitali ngati mkono chotulutsa kuwala kofiira kowongoka. Kuwalako kunkadutsa pa kagalasi kokulitsa n'kulowa kunsonga ya ulusi. Kutsogolo ulusiwo unkagawikana pawiri. Nthambi imodzi tinaikulunga n'kuimata pa chipilala cha simenti chimene tinachimanga pathanthwe penipeni, kuti pansi pakagwedezeka, nayonso ikokeke. Nthambi inayo inkagona phee m'bokosi. Kumapeto ziwirizo zinkakumananso, ndipo kuwala kwake kukaphatikizana kunkakula kapena kuchepa malingana ndi mmene ya pachipilala yakokekera. Kadiso ka magetsi kankaona kusinthako n'kuyendetsa cholembera pa pepala loyenda lokha. Magetsi ankachokera ku mabatire a galimoto odzazidwa ndi masola a padenga, chifukwa jenereta ikanagwedeza chilichonse.

Ntchito yanga yeniyeni inali pa chinthu chimene maso saona. A Dokotala anandifotokozera ndi chingwe choyanikira zovala. Ukamanga chingwe pamtengo, ukhoza kuchigwedeza m'mwamba ndi pansi, kapena kumanja ndi kumanzere. Kuwala nakonso kumayenda kukugwedezekera mbali ina yake. Iwo ankati polaraizeshoni, ine ndinkati kupendekeka kwa kuwala. Tsono mkati mwa ulusi, mbali imeneyi siikhala pamodzi. Ulusi ukatenthedwa, ukapindika kapena ukapanikizika, kuwala kumapotoka. Kwa m'nthambi ziwiri zija kukakumana kutapendekekera mbali imodzi, makina amamva chilichonse. Kukakumana kosemphana, nyali imaoneka ikuyaka bwinobwino, kadiso kamaona kuwala, koma cholembera chimangojambula mzere wowongoka ngakhale pansi pagwedezeke bwanji.

Chokonzera chake chinali timbale titatu tozungulira, tofanana ndi zotsekera za mabotolo a jamu, toimikidwa pamzere pa mahinji. Ulusi unkazungulira m'kambale kalikonse. Ukakapendeketsa uku kapena uku, ulusi umapotoka pang'ono, kuwala n'kutembenuka nawo. Chifukwa cha maonekedwe ake tinkatitcha makutu. Kuti ndidziwe ngati zili bwino, ndinkagogoda chipilala ndi kanyundo ka labala. Cholembera chikalumpha mpaka kufika pa timizere ta pensulo timene a Dokotala anajambula, ndiye kuti kuwala kwagwirizana. Chikalumpha pang'ono, ndinkayamba ndi khutu lapakati, kenako loyamba, kenako lomaliza, pang'onopang'ono, ndikugogoda nthawi iliyonse. Zina zonse kabokosi ka magetsi kankakonza kokha. Kupendekeka kokhako kunalibe makina okukonza. Makinawo ndinali ine.

Titamaliza kumanga, a Dokotala anandipezera chipinda kwa mayi Asiyatu, mayi wamasiye wolima mpunga, amene ana awo onse anali ku ntchito ya nzimbe ku Dwangwa. Kenako anakwera pikapu ija n'kubwerera ku Lilongwe, kumene ankaphunzitsa mwa ganyu. Anati azibwera mwezi ukatha.

Usiku kunkazizira mofanana, choncho kuwala kunkakhazikika kokha ndipo ndinkagona kwa mayi Asiyatu. Vuto linali masana. Dzuwa likangogunda malata, kuwala kunkayamba kuyenda. Ukakonza, n'kuwerama kuti ulembe, ukadzuka wapeza kwachoka. Mtambo ukadutsa, kwasintha. Mphepo ya mwera ikalowa pansi pa chitseko, kwasintha. Tsiku lina ndinavutika m'mawa wonse, mpaka ndinapeza buluzi atagona paulusi kuseri kwa chipilala. Masiku oyamba ndinkangothamangitsana ndi makutu aja, manja osachokapo, ndipo ndinkaononga kwambiri kuposa kukonza.

A Dokotala atabwera koyamba anaima kumbuyo kwanga akundiyang'ana. "Musalimbane nako kuwalako," anatero. "Kuoneni kaye kumene kukulowera, kenako mukutsate."

Ndinayamba kutero. Ndinaona kuti m'mawa kumatsetserekera mbali imodzi, madzulo n'kubwerera. Ndinaphunzira kusuntha khutu pang'ono ngati kukhudza chabe, n'kudikira. Ulusi wonse wotayirira ndinaumata patebulo ndi selotepi. Bokosi la nthambi yogona ndinalidzaza ndi mchenga wouma, n'kulifunditsa mabulangete. Pamwamba pa malata tinafolera udzu. Zinachepetsa vuto, koma silinathe. Sindinkatha kuchoka m'nyumbamo dzuwa lili m'mwamba. Ndinkalowa wopanda nsapato, kuyenda monyang'ama, kukhala pampando wopanda chotsamira m'chipinda cha mazenera otchingidwa ndi makatoni. Wailesi inali yoletsedwa. Phokoso lokhalo linali la pepala likuyenda.

Ndinkaganiza kuti madzulo ndiziiwala zonsezi pocheza ndi anthu. Sizinatero. Ndikafika pamjigo, amayi ankasiya nkhani pakati. Ankandiyankha moni mwaulemu, n'kundisiyira malo kuti nditunge msanga ndizipita. Patiirumu, ndikalowa kukagula mandasi, abambo ankayang'ana m'makapu awo. Poyamba ndinkati n'chifukwa cha buluku. Azimayi tinali titangololedwa kuvala mabuluku, ndipo ine ndinkaliona loyenera ntchito yokwawa pansi pa matebulo. Ndinayamba kumangira chitenje pamwamba. Palibe chimene chinasintha.

Chifukwa chake ndinachimva mochedwa, kwa mayi wina wogulitsa tomato amene anali mlendo ngati ine. Dalaivala wa pikapu ija, tsiku limene tinkatsitsa katundu, anaseka patiirumu kuti mwalandira makutu omvera pansi. Anthu sanaseke nawo. Kwa zaka zambiri anakhala akunong'ona, osadziwa kuti kazitape ndani, ndipo apa n'kuti atangoyamba kuyankhula momasuka za zipani pamabwalo ndi pamadooko. Tsopano kunabwera mtsikana wosadziwika, wodzitsekera tsiku lonse m'nyumba ya mazenera otchinga, mmene munkaoneka kuwala kofiira. Anati ndatumidwa kudzamvera zimene akunena.

Nditawauza a Dokotala, anapukusa mutu. "Azolowera," anatero. Sindinawaone ngati munthu wouma mtima. Iwo eni anali mlendo kwawo komwe. Chichewa chawo chinkayamba chaima kufunafuna mawu, ndipo anzawo akale ambiri anapeza atamwalira. Ankatenga mipukutu ya mapepala, kusiya ina, kudya nane chinangwa chophika pakhonde, n'kumapita dzuwa lisanapendeke. Pa maulendo amenewo ndimo ndinkadzidzimuka ndi mawu anga. Ankatuluka osasa, chifukwa ndinkatha masiku ndisananene china choposa moni.

Mayi Asiyatu sanandichitirepo nkhanza. Ankandisiyira mpunga ndi utaka pakhomo la chipinda changa, m'mbale yangayanga imene sinkasakanizidwa ndi zawo. Tikakumana pabwalo ankati, "Mwaswera, asisi?" ine n'kuyankha, nkhani n'kuthera pomwepo. Tchalitchi cha mpingo wathu chinali kutali, ndipo dzuwa la Lamlungu linkatentha malata chimodzimodzi ndi masiku ena. Mnzanga wapamtima wa kusukulu anakwatiwa miyezi imeneyo. Tsiku la ukwati wake ndinalitha ndikugogoda chipilala. Ndinayamba kuyankhula ndi cholembera chija, kuchikalipira chikafooka, kuchiyamikira chikalumpha bwino. Ndinkadziwa kuti si zabwino, koma sindinasiye.

Miyezi inapita popanda chivomezi chooneka. Papepala pankaoneka malole odutsa pamsewu wa kumusi, ng'ombe zikamadutsa pafupi, ndi timizere tina timene a Dokotala ankati mwina, koma osatsimikiza. Amene anatibwereka zipangizo anali atayamba kufunsa.

Tsiku lovuta linali Lachisanu, m'chilimwe, mvula ikuchita kukanirira kumwamba. Kunatentha kuyambira m'mawa. Nditalowa ndinaona kuti singano ya mita yoyeza mphamvu ya kuwala yatsika. Ndinapukuta kagalasi kokulitsa, sizinathandize. Dzuwa likukwera, singanoyo inapitirira kutsika mpaka inadutsa kamzere kofiira. Lamulo la a Dokotala linali lomveka: ikadutsa pamenepo, nsonga ya ulusi yaonongeka, ichotseni, mudule ina nthawi yomweyo. Ndinali nditachitapo kangapo. Ndinamasula nsongayo pa chogwirira chake. Pa maikulosikopu panaoneka kachidontho kakuda pakati penipeni, fumbi limene linapsererapo. Ndinasenda chikopa, kupukuta ndi sipiriti, n'kutenga kampeni.

Ndinayamba kumva phokoso, ngati lole yolemera ikubwera, koma likuchokera pansi. Kenako mpando unasuntha. Malata analira, fumbi linagwa kuchokera kumitanda, botolo la sipiriti linagubuduka patebulo n'kusweka. Kunja agalu anauwa, ndipo chakumusi anthu ankaitanizana. Sizinatenge nthawi. Zitaleka, ndinali chiimire, ulusi m'dzanja limodzi, kampeni m'dzanja lina. Ndinayang'ana pepala. Cholembera chinali kujambula mzere wowongoka, waukhondo, chifukwa muulusi munalibe kuwala.

Ndinakhala pansi pasimenti. Sindinalire nthawi imeneyo. Ndinangoona miyezi yonse ija, chete yense uja, zikuyenda papepala lopanda kanthu. Chimene chinandidzutsa n'chakuti a Dokotala anandiuzapo kuti chivomezi chachikulu nthawi zambiri chimatsatidwa ndi zing'onozing'ono. Makina akakhala okonzeka, mwina ndikanagwirako chimodzi.

Manja amene anandipezetsa ntchito aja anakana. Ndinathyola ulusi koyamba, kachiwiri, n'kumangothyola, ulusi wotsala n'kumafupika. Sipiriti inali itatayika, ndinachita kufinya thonje limene linagwera m'mapalepale a botolo. Ndinaika manja m'ndowa ya madzi mpaka anazizira, n'kuyesanso. Nsonga yosalala itapezeka, ndinaimanga pa chogwirira. Apa panatsala ntchito yopweteka maso. Njira ya kuwala mkati mwa ulusi ndi yaing'ono kwambiri kuposa tsitsi, ndipo umaifunafuna ndi timasikuluwu titatu, kena kosunthira m'mwamba, kena m'mbali, kena kutsogolo. Umazungulitsa kamodzi pang'ono, maso ali pa singano, osapuma mpweya mwamphamvu. Singano itayamba kukwera, ndinagogoda chipilala. Cholembera sichinasunthe. Chivomezi chinali chitasuntha bokosi la mchenga, selotepi itamatuka, kupendekeka konse kutasokonekera. Ndinamatanso ulusi, n'kuyamba makutu kuchokera pachiyambi.

Ndili mkati mochita zimenezi ndinaona cholembera chikunjenjemera chokha. Sichinali chivomezi. Anali mapazi a anthu ambiri akukwera thanthwe. Abambo anali atatuluka ku Juma, ndipo anabwera molunjika kuchokera kumzikiti, amayi akuwatsatira m'mbuyo. Anaima pabwalo. Wina anagogoda chitseko, kugogoda kwa munthu wodzigwira.

"Chemwali, tulukani tiyankhulane."

Mawuwo ndinawadziwa. Anali a Jafali, mwini maukonde ku Chia, bambo wamkulu amene anthu ankamumvera. Ndinatsegula chitseko pang'ono. Anthu anali ambiri, ena atanyamula miyala ing'onoing'ono, mwina osadziwa n'komwe kuti anyamula.

"Khoma la nyumba yanga lang'ambika," anatero a Jafali. "Kwa anzathu uko kwagwa khitchini. Anthu akuti ndi zinthu zanuzi. Mwazizimitsa, kapena tizizimitse tokha?"

Ndikanatuluka, makutu aja akanatsala pakati, ndipo sindinkadziwa ngati akanandilolanso kulowa. "Bambo, sindingatuluke panopa," ndinatero. "Lowani ndinu mudzaone. Koma muvule nsapato, muziponda pang'onopang'ono."

Anandiyang'ana, n'kucheukira kugulu kuja. Sakanalowa okha m'nyumba yotseka ndi mtsikana, choncho anaitana mayi Asiyatu, amene anali kumbuyo kwenikweni. Analowa awiriwo. Maso awo atazolowera mdima, a Jafali anayang'ana nyali yofiira, chipilala, timbale titatu tija. Ndinawapempha kuti andidikire pang'ono. Ndinasuntha khutu lapakati, kugogoda, kusuntha loyamba, kugogoda. Thukuta linkagwera patebulo. Pakhutu lomaliza cholembera chinalumpha mpaka pa timizere ta pensulo.

A Jafali anasendera kuti aone bwino. Ataponda, cholembera chinalumpha. Anaima pomwepo.

"Chandimva," anatero.

"Chamva phazi lanu, bambo. Lagwedeza thanthwe."

"Chimene chamva phazi chingalephere kumva mawu?"

"Yesani. Imani malo amodzi, munene chilichonse."

Sindinkanama. Ulusi unali m'mchenga ndi m'mabulangete, ndipo cholembera chija chinali chochedwa, chosatha kutsata mawu a munthu. A Jafali anayang'anitsitsa papepala. Ndinkayembekezera kuti atukwana chipani china, monga anthu ankachitira masiku amenewo pofuna kuonetsa kuti sakuopanso. Atayankhula, mawu awo anali otsika.

"Mng'ono wanga anamutenga chifukwa cha mawu amene ananena padooko. Anabwera ndi galimoto yopanda nambala. Mpaka lero sitinaone ngakhale malaya ake."

Mzere unapitirira wowongoka. A Jafali anawerama pafupi ndi chipilala, natchula dzina la mng'ono wawoyo mokweza. "Saidi." Anadikira. Cholembera sichinagwedezeke. Mayi Asiyatu anakoka mpango wawo n'kuphimba kukamwa.

A Jafali anawongoka. "Nanga chivomezichi? Si inu mwachiitana?"

Ndinakoka pepala limene linali litapita kale, n'kuwaonetsa pamene ndinalemba kuti ndachotsa ulusi. Ndinayendetsa chala pamzere wowongoka uja. "Chivomezi chabwera apa. Makina anali osagwira ntchito, ndinali nditamasula. Ndinatumidwa kudzadikira chinthu chimenechi basi. Ndakhala muno miyezi yonseyi, ndipo chabwera ine ulusi uli m'manja." Ndinalira pamaso pa anthu awiri amene sindinachezepo nawo, ndikuyesetsa kuti ndisagwedeze tebulo.

Palibe anandigwira. A Jafali anayang'ana mzerewo, n'kuyang'ana mapalepale a botolo pansi, mpando wopanda chotsamira, makatoni a m'mazenera.

"Mumakhala muno nokha tsiku lonse?"

"Eya, bambo."

"Pepani," anatero. Anayenda monyang'ama mpaka pakhomo, n'kuvala nsapato zawo. Ndinawamva akuuza anthu kuti, "Mulibe kanthu muno. Muli mwana wa eniake akugwira ntchito. Tiyeni tikaone makoma athu." Ena anang'ung'udza, wina anafunsa chifukwa chimene mazenera ali otchinga, koma mapazi anayamba kutsika thanthwe, ndipo cholembera chinawalemba mpaka anatha.

Mayi Asiyatu anatsalira pang'ono pakhomo. "Mwadya, mwanangu?" Ndinati ayi. Anangoti, "Iii," motsitsa, n'kumapita.

Ndinatsala ndekha monga mwa masiku onse. Ndinasesa magalasi, kukhala pampando, n'kumagogoda chipilala pakapita kanthawi. Kutentha kunali kukusinthasintha chifukwa cha mitambo, ndipo makutu ankafuna kukhudzidwa pafupipafupi. Dzuwa litapendeka, cholembera chinayamba kuyenda chokha. Kunja kunalibe munthu, kumsewu kunalibe lole. Chinayamba ndi timizere tating'ono tothinana, kenako chinatambasuka, kukwera ndi kutsika mwamphamvu, n'kumachepa pang'onopang'ono mpaka chinabwerera pamzere. Thupi langa silinamve kalikonse. Chinali chimodzimodzi ndi chithunzi cha chivomezi chimene a Dokotala anandijambulira tsiku loyamba.

Ndinatembenuka kuti ndiuze munthu. Munalibe aliyense. Ndinalemba nthawi m'mphepete mwa pepala, n'kugogoda chipilala kamodzi kuti aliyense wodzaona adziwe kuti makina anali bwino. Kenako ndinakhala pampando n'kumayang'ana pepalalo likuyenda.

M'mawa mwake ndinabwereka njinga n'kupita kuboma kukaimba foni kupositi ofesi. A Dokotala anali atamva kale za chivomezi, ndipo mawu awo anali a munthu amene sanagone chifukwa cha chisangalalo. Ndinawauza zonse mwandondomeko.

"Munatsata lamulo langa," anatero. "Ndikanakhalapo ndikanachita chimodzimodzi. Pepala la kachivomezi kakang'onoko mulisunge pouma."

Kakang'onoko sikanakwane. Eni zipangizo anati chithunzi chimodzi sichingatsimikize kanthu, ndipo anatipatsa mpaka mvula itatha. Tinagwira tizivomezi tina tiwiri tosaoneka bwino. Pasaka itayandikira, pikapu inabwera kudzatenga makatoni. A Dokotala anakaphunzitsa sayansi kusekondale ina ya kumpoto, ndipo sindinamvenso kuti anayesa ntchito ngati imeneyi. Chipilala chathu tinachisiya pathanthwe.

Sindinganene kuti anthu anasintha n'kukhala abale anga. Ena anapitirira kundikayikira mpaka tsiku lochoka. Koma pamjigo nkhani zinasiya kudukira pakati, ndipo a Jafali tikakumana ankaima n'kufunsa ngati pansi pagwedezekanso. Mayi Asiyatu anayamba kundiitana madzulo kuti tizisankha mpunga limodzi palichero. Sankayankhula zambiri. Ankandiuza za ana awo a ku Dwangwa, ine n'kuwauza za amayi anga ku Ntcheu. Masana m'nyumba ija munali chete yemwe uja, koma ndinkadziwa kuti likalowa dzuwa ndikamva mawu a munthu.

Patapita zaka, faiba itayamba kukumbiridwa m'mbali mwa misewu yathu, ndinali m'gulu la anthu ochepa amene anali atadulapo ulusi wa galasi, ndipo ntchito inandipeza yokha. Lero makina odulira ndi olumikizira amachita m'kanthawi kochepa zimene zinkandithera theka la tsiku. Ndimayang'anira achinyamata amene timawatumiza kumalo akutali, kukalondera zipangizo m'tinyumba ta m'mapiri ndi m'midzi imene sakudziwako munthu.

Za kuwala ndimawaphunzitsa msanga, chifukwa n'zolembedwa. Zimene ndinatenga ku Mwadzama ndi zina. Tisanatsitse katundu pamalo atsopano, ndimaitana eni dera, kutsegula bokosi lililonse, kuwalola agwire ndi kufunsa mpaka atope. Ndipo ndikasiya wachinyamata kumeneko, ndimamuimbira foni ngakhale zipangizo zonse zikuonetsa kuti zili bwino. Ambiri amayamba kundiwerengera za mabatire ndi mphamvu ya kuwala, poganiza kuti ndicho ndaimbira. Ndimawalola amalize. Kenako ndimafunsa kuti lero wayankhula ndi ndani. Akachedwa kuyankha, sabata yomweyo ndimatumizako mnzake.